A Yotamu Mwale, nkhoswe ya m'komiti ya penshoni

A Yotamu Mwale tinawaika mwezi watha kumanda a m'tauni, kumene amaika alendo ndi anthu amene kwawo n'kutali. Iwo kwawo sikunali kutali. Munthu wa njinga akanyamuka m'mawa pa mlatho wa Lilongwe kulowera njira ya ku Mitundu, amakafika dzuwa lisanatenthe. Koma manda anakumba ndi anyamata a kutchalitchi, ndipo pa mwambo wonse sipanaimirire munthu ndi mmodzi yemwe wonena kuti malemuwa ndi athu. Abusa, mnyamata wa dzulodzuloli, anafunsa ngati panali wodziwa mbiri yawo. Anthu anayang'anana, kenaka maso onse anagwera pa ine chifukwa cha imvi. Ndinanena zochepa, za ntchito ndi za mpingo, monga timachitira pamaliro. Zimene sindinanene ndi zimene ndikulemba pano: mmene munthu amene anali mwini mbumba, wa alongo ndi adzukulu odzaza mudzi, anatayira malo ake kwawo pa nkhani ya penshoni imene sinali n'komwe yake.

Sindinali bwenzi lawo. A Mwale analibe abwenzi, anali ndi anthu okangana nawo, ndipo ine ndinali mmodzi wa okhalitsa. Tinadziwana m'zaka za Chitaganya, ine ndili kalaliki ku positi, iwo ali kalaliki wamkulu ku ofesi ya misewu. Lilongwe wa nthawi imeneyo anali wamng'ono: boma, msika, chipatala, mzere wa masitolo a amwenye, ndi mayadi a azungu kumene lero mukuti Area 3. Kumene kwamera maofesi ataliatali a City Centre kunali minda ya anthu ndi tchire la nkhwali.

Chitaganya chitabwera chinatigawa pawiri ife ogwira ntchito m'boma. A positi ndi a chipatala tinagwera m'manja mwa boma la ku Halale, pamene a misewu, amesenjala a pa boma ndi ena anatsala m'manja mwa Zomba. Munthu amene anayamba ntchito kale ankapezeka kuti zaka zake zina zili uku, zina zili uko, ndipo akapuma ntchito kapena akamwalira, mbali iliyonse inkaloza inzake. N'chifukwa chake pa boma panakhazikitsidwa kakomiti komva nkhani zoterezi. Mphamvu yeniyeni kanalibe. Tinkangomva nkhani n'kutumiza maganizo athu kwa akuluakulu, koma kawirikawiri zimene tagwirizana ndi zomwe zinkabwerako. Wapampando anali bwana wa pa boma. Panali mzungu wina wochokera ku Halale, amene tinkamutcha Chipewa chifukwa sankachivula ngakhale m'nyumba. Panali abusa, popeza mabuku a maukwati anali kwa iwo. Panali a Kasamu, mmwenye wa sitolo ya nsalu, chifukwa opuma ntchito ambiri ankasinthira macheke awo pa kauntala pake, ndiye ankadziwa amene ali moyo ndi amene watsogola. Ine ndinkaimira ogwira ntchito a mbali ya Halale, a Mwale a mbali ya Zomba.

Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosaseka wamba. Jekete sankavula, ngakhale mu Okutobala pamene agalu omwe amasowa pogona. Njinga anali nayo, koma nthawi zambiri ankangoikankha, ati matayala ndi odula kuposa mapazi. Kuumira kwawo kunali kodziwika mpaka kumsika, ndipo amayi a tomato akawaona akubwera ankadziwiratu kuti lero kuli kunenerera mtengo mpaka makasitomala ena atopa n'kuchoka. Akazi awo anamwalira iwo akadali ndi mphamvu, mwana Mulungu sanawapatse, ndipo sanakwatirenso. Onyoza ankati anaopa kudyetsa pakamwa pena. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti mtima wawo wonse unali ku mbumba yawo. Milandu ya kumudzi, maukwati a adzukulu, malire a minda, zonse zinkadikira iwo, ndipo tsiku lililonse la tchuthi ankakathera kumeneko. Akamakamba za kupuma ntchito ankakamba ngati munthu amene akuona kale khonde limene adzakhalepo.

Pa komiti ankatipatsa tiyi ndi mabisiketi. A Mwale tiyi sankamwa. Ankati sungatsutsane ndi mwini kapu shuga wake ali m'kamwa mwako. Koma bisiketi ankatenga, kuikulunga pa mpango n'kuika m'thumba. Tsiku lina ndinawafunsa kuti tiyi ndi bisiketi zikusiyana pati, poti zonse n'za bwana. Anandiyang'ana ngati mwana wofunsa zopusa, n'kunena kuti bisiketiyo amakadyera kunyumba, mkangano utatha.

Chingerezi ankachidziwa bwino lomwe, koma pa komiti ankayamba alankhula m'Chinyanja, monga tinkachitchulira masiku amenewo, kenaka n'kudzimasulira okha. Chipewa ankadandaula kuti misonkhano ikutalika pachabe. Koma mawindo a chipinda chija ankakhala otsekula, ndipo pakhonde pankadzaza amesenjala, amayi amasiye ndi nkhalamba zopuma ntchito. A Mwale ankati nkhani ya munthu sikambidwa m'chinenero chimene mwini wake sakumva. Ndipo sankalekera pomwepo. Loweruka masana, ntchito itaweruka, ankaima pansi pa mkuyu kuseri kwa msika n'kufotokozera aliyense wofuna kumva zonse zimene komiti yakamba, ndi amene wanena chiyani. Ankati anawatuma ndi anthu, ndipo wotumidwa amabweza mawu.

Apa ndi pamene tinayambanirana koyamba. Panali nkhani ya mlonda wina amene zaka zake zinkakanidwa ndi mbali zonse ziwiri, ndipo ine tsiku limenelo ndinaona kuti n'kwanzeru kukhala chete, poti Chipewa anali bwana wa mabwana anga. Loweruka lake, a Mwale atafika pa dzina langa, anauza khamu lonse kuti a ku positi sananene kanthu, anangomwa tiyi. Sabata yonse ana a m'misewu ankandifunsa ngati tiyi anali ndi mkaka. Ndinawapitira ku ofesi kwawo mtima uli m'mwamba.

"A Mwale, munandichititsa manyazi pagulu."

"Ndinanama?"

"Simunaname, koma zina munthu amasunga."

"Zosunga musunge inu a positi, ndiyo ntchito yanu. Ine anandituma kukamva n'kudzanena."

Ndinakwiya mwezi wathunthu, ndipo kunena zoona mpaka lero ndikakumbukira pamandiwawabe pang'ono. Koma kuyambira pamenepo sindinakhalenso chete pa komiti.

Achinyamata a ndale sankawakonda. Masiku amenewo aliyense wokhala tebulo limodzi ndi munthu wa Chitaganya ankatchedwa mthirakuwiri, ndipo a Mwale analitenga dzinalo kangapo. Tsiku lina anawaphwetsera matayala onse awiri. Iwo anangoti palibe chatayika, njingayo amaikankha kale. Chitaganya ankadana nacho ngati tonsefe, ndinawamva ndi makutu anga. Koma ankati penshoni ndi munda umene munthu walima zaka zonse za mphamvu zake, ndipo sungasiye kukolola chifukwa chakuti wolondera nkhokwe sukumukonda. Ankatinso mpando ukausiya chifukwa cha mkwiyo sukhala wopanda munthu, pamakhala wina amene sadzakufunsa.

Nkhani imene anaivutikira zaka zambiri inali ya amasiye. Munthu akamwalira ali pantchito, pankatuluka ndalama ya zaka zimene wagwira. Lamulo linkati ipite kwa mkazi ndi ana, koma mkazi amene lamulo linkamudziwa ndi wa pepala la ukwati, la kutchalitchi kapena la pa boma. Pepala likasowa ankati malemuyo analibe banja, ndalama n'kupita kwa abale ake monga mwa mwambo wathu, kutanthauza alongo ake ndi ana awo. Tsono amesenjala, akapitawo a misewu ndi alonda ambiri anakwatira pa chinkhoswe chabe, tambala ndi msoti kusinthana manja, basi. Tinkaona mayi amene waphikira munthu moyo wake wonse akutuluka pa boma chimanjamanja, ana ali pambuyo.

A Mwale ankati mankhwala ake ndi apafupi. Ukwati wa kwathu uli ndi eni ake, ankhoswe, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Iwo ndi amene amaumanga, ndipo sutha mpaka iwo atakhala pansi n'kuusudzula. Ndiye komiti iziitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mawu awo azilemera ngati pepala. Abusa anakana, poopa kuti anthu asiya kudzadalitsa maukwati kutchalitchi. Chipewa anafunsa kuti tambala amulowetsa bwanji m'faelo. Bwana wa pa boma anati tidzaonanso, ndipo tinaonanso kwa zaka.

Apa ndi pamene ndinaona luso lawo. Pa msonkhano anali waliuma, koma ntchito yeniyeni ankaigwira kunja, munthu mmodzimmodzi. Kwa abusa anapita kangapo, mpaka anagwirizana kuti nkhoswe izilumbira itagwira Baibulo m'manja mwa abusawo. Abusa ataona kuti mpando wawo ukukula, osati kuchepa, anafewa. Kwa a Kasamu ankakakhala masana onse a Loweruka pa mpando wa telala, osagula ngakhale singano, akungofunsa mmene Asilamu amamangira ukwati. Ine anandiuza poyera kuti ndikakana adzakanena kumkuyu. Tsiku limene nkhaniyi inabweranso, a Kasamu, amene nthawi zambiri ankangowodzera, anakweza dzanja.

"Bwana, ine ukwati wanga unamangidwa pamaso pa mboni. Pepala la boma ndilibe. Kodi amayi amene ali kunyumba aja, ondiberekera ana onsewa, ndi mlendo wanga?"

Bwana anaseka, abusa anagwedeza mutu, ndipo Chipewa anatsala yekha. Anavomera, koma anati n'zoyeserera chabe: nkhoswe imodzi ikadzapezeka itanama, njira imeneyi idzathera pomwepo. Kuyambira pamenepo tinaika benchi pafupi ndi khomo, pokhala ankhoswe. Amayi angapo anathandizika, ndipo a Mwale ankayenda ngati msewu wonse anaulambula okha.

Sipanapite nthawi, nkhani inalowa m'nyumba mwawo. Anali ndi mng'ono wawo, bere limodzi, dzina lake Lameki, wotsuka zilonda pachipatala. Lameki anali zonse zimene a Mwale sanali: wansangala, wopatsa, wokonda kapu. Anakwatira Nambewe, mtsikana wa ku Nathenje, pa chinkhoswe, ndipo nkhoswe ya kuchimuna anali a Mwale omwewo. Ana anabadwa, mikangano inakula, mpaka Lameki anatuta zovala zake n'kukakhala yekha kunyumba za pachipatala. Nambewe anatsala ndi ana, akugulitsa zitumbuwa pamsika. Dzinja linadutsa, lina n'kudutsanso. Lameki ankapita kwa mkulu wake kukapempha kuti apite ku Nathenje akasudzule mkaziyo, nkhani ithe mwadongosolo, ndipo yankho linali limodzi nthawi zonse, lakuti mwezi wamawa. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Mwina ankayembekezera kuti awiriwo abwererana, mwina za komiti zinawachulukira. Pa nthawi yonseyi Lameki ankalipirira sukulu Filipo, mwana wa mlongo wawo a Esinati, mnyamata woyamba wa mudzi wonse kufika ku sekondale. Kenaka chibayo chinamugwira Lameki, ndipo sabata isanathe anapita.

Maliro atatha ndinapita kunyumba kwa a Mwale kukapepesa, ndipo ndinapeza a Esinati ali pamphasa pakhonde. Anali mayi wojintcha, wolankhula motsitsa, ndipo sanaone chifukwa chosiyira nkhani yawo poona mlendo.

"Achimwene, mudzi wonse ukudziwa kuti Lameki anamusiya mkazi uja. Mwini wake ananena, inu munamva. Mawu ndi amodzi okha. Mukanene ku komiti kuti ukwati unatha."

"Sindinapite ku Nathenje."

"Osapitawo ndinu. Tsono mwana wanga asiye sukulu chifukwa inu munaumira ya basi?"



"Ana a Nambewe ali ndi atsibweni awo ku Nathenje, akawaone amenewo," anapitiriza a Esinati. "Filipo mtsibweni wake ndinu. Mbumba imeneyi anakusiyirani amayi kuti muziiyang'anira, osati muziyang'anira za eni."

Sindinganene kuti mayiwa ankalakwa. Mwa mwambo wathu ankanena zoona zokhazokha, ndipo Lameki akanadzuka akanavomereza. Pobwerera a Mwale anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo ndinawapatsa nzeru imene munthu aliyense wa mutu wake akanapereka. Ndinati tsiku la mlandu adwale. Atumize nkhoswe yaing'ono ya kumudzi, ikanene zimene mudzi ukudziwa, iwo manja awo akhale oyera. Anaima n'kundiyang'ana kuchokera kumwamba kuja.

"Mukufuna ndikamwe tiyi," anatero, n'kubwerera.

Tsiku la mlandu khonde linadzaza kuposa masiku onse. Bwana atatchula dzina la Lameki, a Mwale ananyamuka n'kunena kuti pa nkhani iyi sakhala nawo pogamula, chifukwa malemuyo ndi mng'ono wawo. Anavula jekete, kuipachika pampando, n'kukakhala pa benchi ya ankhoswe. Kanali koyamba kuona malaya awo, ndipo anali ndi chigamba chachikulu pamsana. Pambali pawo panakhala nkhoswe ya kuchikazi, mdala wina wa ku Nathenje amene anali asanalowepo mu ofesi ya boma, chipewa chake akuchifinya m'manja. Nambewe anakhala pansi pafupi ndi khomo, mwana ali kumsana, maso ali pansi.

Anayamba kufunsa mdala uja. Iye anagwira Baibulo ngati ndi lotentha.

"Bwana, mkamwini anachoka kalekale. Ife timangoti kapena ukwati unatha. Odziwa bwino ndi anzangawa."

Khomo la bodza linali lotsekula chotero. A Mwale akanangoti unatha, panalibe munthu m'chipinda chija, ngakhale Nambewe yemwe, amene akanawatsutsa, ndipo Chipewa sakanadziwa kanthu mpaka kubwerera kwawo. Abusa anawapatsa Baibulo. Bwana anafunsa ngati ukwati wa Lameki ndi Nambewe unatha kapena ayi.

"Sunathe. Woumanga ndinali ine, wousudzula ndinayenera kukhala ine. Sindinausudzule. Mkazi wa Lameki ndi uyo ali apoyo."

Ananena m'Chinyanja, mokweza monga mwa nthawi zonse, koma tsiku limeneli sanadzimasulire. Bwana anatembenukira kwa ine, ndipo ndinamasulira ndine. Chipewa anafunsa ngati mboniyo ikudziwa kuti mawu amenewa akulanda ndalama abale ake enieni. A Mwale anati akudziwa. Tinagwirizana mosavuta kuti ndalama ipite kwa Nambewe ndi ana, ndipo mbali zonse ziwiri, Zomba ndi Halale, zinavomereza pambuyo pake.

Potuluka, a Esinati anali pakhonde pansi pa windo, ndipo anali atamva zonse. Sanakuwe, sanalire. Anagwada monga mlongo amagwadira mlongo wake wamkulu, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Zikomo achimwene, tamva. Mukadzakalamba, a Nambewe adzakusungani."

Anadzuka, kumanga chitenje, n'kulowera kokwerera malole.

Loweruka lake a Mwale anaima pansi pa mkuyu n'kufotokoza nkhaniyi monga ankafotokozera zina zonse, mpaka kunena kuti nkhoswe ya kuchimuna inazengereza ntchito yake zaka ziwiri, ngati akunena munthu wina. Anthu ambiri anawatama kuti ndi munthu wachilungamo. Ine ndinakhala nawo tebulo limodzi nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti theka linali chilungamo, theka linali liuma. Benchi ija anaivutikira okha, ndipo sakanapirira kuti bodza loyamba kunenedwa pamenepo lituluke pakamwa pawo, ngakhale bodza loti palibe akanaligwira. Kaya zinthu ziwirizi zimasiyana kwenikweni, sindikudziwa.

Filipo anasiya sukulu chaka chomwecho n'kupita ku Joni. A Mwale anayesa kumulipirira okha, koma mayi ake anakana. Milandu ya mbumba inayamba kupita kwa msuweni wina wamng'ono, ndipo maukwati a adzukulu ankawamva kwa anthu a pamsika. Khirisimasi iliyonse ankapatsira dalaivala wa lole shuga, mchere ndi nsalu kuti akatule kwa a Esinati, ndipo lole yomweyo inkabwera nazo osamasula. Shuga ndi mchere ankadya okha, koma nsalu ankaisunga n'kuitumizanso chaka chotsatira, yomweyomweyo. Nambewe anaphunzitsa ana ake, anakwatiwanso n'kusamukira cha ku Dedza. Sindinamvepo kuti anabwera kudzathokoza, ndipo a Mwale sankayembekezera. Ankati sanamupatse mphatso, ndalamayo inali yake kale.

Chitaganya chitatha kakomiti kathu kanatha nacho. Chipewa anabwerera kwawo, a Kasamu anasiyira sitolo ana awo, benchi ija ndinaiona komaliza ili kuseri kwa ofesi amesenjala akuseweretserapo bawo. A Mwale anapuma ntchito n'kuchita lendi kachipinda kuseri kwa masitolo ku Old Town. Penshoni yawo inkabwera mosavuta, popeza mapepala awo anali olongosoka kuyambira tsiku loyamba. Maofesi atasamukira ku City Centre ankapita wapansi mtunda wonsewo, jekete ili pathupi, kukana minibasi. Tinkakumana apo ndi apo, n'kukangana za mitengo ya zinthu ndi za ana a masiku ano. Kamodzi kokha ndinawafunsa chimene ankakhalira m'tauni ngati mlendo, kwawo kuli pafupi chotere.

"Anandithamangitsa."

"Anakuthamangitsani ndani?"

"Munalipo, munamva nokha."

"Aja anali mawu a mkwiyo, a Mwale. Papita zaka. Bwanji osangopita mukaonane nawo?"

Anati mwina mwezi wamawa. Ndinawamvera chisoni tsiku limenelo, chifukwa ndinaona kuti munthu amene sankaopa bwana aliyense ankaopa mlongo wake.

Pamene ankamwalira ine ndinali ku Blantyre kwa mwana wanga, ndipo ndinafika tsiku loika. Eni nyumba sankadziwa kwawo, a mpingo ankangodziwa kuti ndi a konkuno. Sabata yotsatira ndinakwera basi ya ku Mitundu, n'kuyenda wofunsafunsa mpaka ndinaupeza mudziwo. A Esinati alipo. Maso anafa, thupi lija linatha, koma mawu ndi omwe aja otsitsa. Ndinakhala pansi, kudzitchula dzina, n'kunena chimene ndadzera. Iwo anasisita mphasa ndi manja.

"Maliro ali kuti tsono?"

"Tinaika kale, amayi. Sabata yatha."

"Kuti?"

"Kumanda a m'tauni."

"Kumanda a alendo," anatero. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Munthu wa mudzi wake."

Ndinati malemuwo ankakhulupirira kuti kuno sakufunidwa, ndipo ndinakumbutsa za shuga ndi nsalu zimene zinkabwezedwa.

"Nanga ife tinkafuna shuga? Mlandu wa pachibale sautumiza pa lole, bambo. Munthu amabwera yekha, n'kukhala pansi, anthu n'kumukalipira, n'kutha. Iwo aja ankaweruza maukwati a anthu, zimenezi sankazidziwa? Akanangobwera ndi kankhuku kamodzi."

Anaitana Filipo. Anatulukira bambo wa imvi, wotsokomola chifuwa cha m'migodi, amene anandipatsa moni mwaulemu koma osafunsa chilichonse cha mtsibweni wake. Mayi ake anamuuza kuti akandionetse pamalo pa achimwene.

Malowo ali pakati penipeni pa mudzi, poyang'anana ndi khomo la a Esinati. Mudzi unakula, nyumba zinathithikana mpaka zina zinakamangidwa m'mphepete mwa dambo, koma pamenepo palibe anamangapo. Chakumadzulo kwake kuli uvuni wa njerwa umene a Mwale anaotcha chilimwe chomaliza Lameki asanamwalire, wa nyumba yodzapumiramo. Sunaphwasulidwe. Dothi lomata kunja linagumuka ndi mvula, pamwamba panamera kamtengo mizu yake n'kulowa m'ming'alu, ndipo mbuzi zimagona m'makomo a moto. Filipo anati achinyamata akhala akupempha malowo ndi njerwazo, iye yemwe anapemphapo atabwera ku Joni, koma mayi ake amakana, amati eni ake akubwera. Anati mvula ikatha chaka chilichonse amatuma adzukulu kuti akazule udzu, pasamaoneke ngati pabwinja.

Ndinaima pamenepo kanthawi. Panali poyera, pambalambanda, dothi lofiira lili ndi mizere ya tsache. Chaka chino anali atalambula kale.